Anthu a m'chitini cha Yotamu

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, ngati kumeneko n'kudzuka, poti tulo ta pasiwa n'tongobera. Ndinali nditatsamira khoma pakati pa amayi awiri a kwaya amene anaimba mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano ankalandirizana mkonono. Bokosi la mlongo wanga Yotamu linali pakati pa chipinda, nyali ili kumutu. Julayi wa kwathu kuno, pakati pa Katete ndi Sinda, sachita nthabwala. Chisanu chinkalowera pansi pa chitseko n'kudzandigwira m'mapazi.

Ndinatuluka panja. Amuna anali atagona mozungulira zitsa zitatu zomwe zinkanyeka pabwalo, ena atafunda matumba osungira thonje. Adzukulu anali atapita kale kumanda ndi makasu awo. Kuseri kwa nyumba amayi ankasonkha moto pamafuwa, ena akubwera kuchokera kumjigo ndi ndowa pamutu. Ndinaima pakati pa zonsezi ndikudabwa kuti anthu akudziwa chochita pomwe ine sindinkadziwa n'komwe poika manja anga.

Yotamu anali wopondana nane, ine wamkulu. Ankaphunzitsa masamu pasukulu ya pafupi, ndipo anamwalira Lachiwiri, impso zitamuvutitsa chaka chathunthu. Ine ndimasoka zovala kumsika wa Katete. Anthu amati ndili ndi pakamwa, ndipo sindikana. Yotamu yekha ndiye ankadziwa kunditseka pakamwapo, osakweza mawu.

Kusanayere bwino, mkazi wake anandikokera kuseri kwa bafa. Maso anali atatupa.

"Alamu, chitini chija achipeza," anatero. "Amayi aang'ono amafuna tayi yomuveka, n'kuchipeza pansi pa bedi. Achipereka kwa amalume ndi kwa akulu a mpingo. Akuti kwaya siimba kumanda mpaka nkhaniyi imveke."

Chitinicho ndinkachidziwa ngati chikhatho changa, ndipo ndinadziwiratu chimene munthu wosadziwa angaganize akachitsegula.

Ndifotokoze kaye. Yotamu ali ku koleji ku Chipata anagula buku lachingerezi lopanda chikuto pamulu wa salaula, pakati pa nsapato ndi makatani. Linali buku la masewera. Anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense ndi pepala lake, ndipo papepalapo pamakhala munthu wongopeka: dzina lake, mphamvu zake, nzeru zake ndi nambala ya moyo wake. Mmodzi amatsogolera nkhani. Amati, muli pakhomo la phanga, mkatimo mukumveka chinthu chikupuma, mutani? Aliyense amanena chimene munthu wake achite, ndipo dayisi ndiyo imagamula ngati zatheka kapena zakanika. Yotamu anamasulira buku lonselo m'makope atatu a sukulu, n'kuchotsamo nkhalango za azungu, n'kuikamo mapiri ndi madambo a kwathu konkuno. Tinkangowatchula kuti masewera a ulendo.

Bukulo linkafuna madayisi a mbali zambiri, omwe sitolo iliyonse ya ku Katete inalibe. Anawasema yekha ku mtengo wa mlombwa. Ya mbali makumi awiri inamudyera holide yonse ndi kachidutswa ka chala. Kathumba kosungiramo ndinasoka ndine, ka nsalu yakuda, poti ndiyo inatsala tsiku limenelo. Kunena chilungamo, munthu akaona timitengo tosemedwa tili ndi manambala m'kathumba kakuda, sangaganize za ludo. Aganiza za maula.

Koma choopsa chenicheni chinali chitinicho. Lamulo la bukulo linali louma: nambala ya moyo ikatha, munthu wako wafa, palibe kudandaula. Mwini pepala amalemba kuseri kwake amene akumusiyira katundu, wotsogolera n'kulemba kutsogolo kuti wamwalira, ndi tsiku lake. Kenako pepala limalowa m'chitini cha mabisiketi. Pa zaka zoposa makumi awiri munalowa anthu ambiri, anga okha asanu ndi awiri. Pamwamba pa pepala lililonse pankalembedwa dzina lenileni la wosewerayo.

Dzuwa likutuluka, anthu anayamba kufika. Masamba amene tinaika pamsewu ankaimitsa njinga, okwera n'kutsika kumakankha. Kunabwera ngolo ziwiri za nkhuni, lole yaing'ono yodzaza aphunzitsi, ndi ana a sukulu atavala yunifolomu, akunjenjemera m'mizere. Amayi ankayamba kulira akafika pamtengo wa mango, n'kulowa m'nyumba atawerama. Ine ndinkalandira manja awo, koma maso anga anali pa amayi a kwaya. Anali atakhala paokha pafupi ndi khola, malaya awo oyera akadali opinda m'majumbo. Nkhani inali itayenda kale. Ena ankandiyang'ana n'kugwetsa nkhope.

Yotamu ankaimba besi mumpingo umenewo kuyambira ali mnyamata. Kumuika m'manda mwakachetechete, ngati munthu wochotsedwa, ana ake awiri akuona, chinali chinthu chimene sindikanachipirira.

Anatiitanira kuseri kwa nkhokwe, kumene kunalibe anthu. Amalume anakhala pampando, akulu a mpingo pambali pawo. Akuluwo ndi mlimi wa mtedza wofatsa, wa magalasi omanga ndi ulusi, ndipo zinkaoneka kuti nkhaniyi ikuwalemera. Amayi aang'ono, mng'ono wa malemu mayi athu, anakhala pamphasa, pepala limodzi lili m'manja. Chitini ndi kathumba zinali pansi pakati pathu, popanda wozikhudza.

"Ife sitikuweruza munthu," anatero akulu a mpingo. "Koma kwaya yandifunsa, ndipo ndilibe choyankha."

Amayi aang'ono anatambasula pepala lija kuti ndilione. Pamwamba panali dzina la Misheki, mwana wawo mmodzi yekha wamwamuna, amene anafa minibasi itagubuduzika pamsewu wa ku Lusaka zaka khumi zapitazo. Pakati pa pepalalo, ndi bolopeni yofiira ya Yotamu, panalembedwa kuti wamwalira. Tsiku lake linali la zaka ziwiri ngozi isanachitike.

"Anayamba wamulemba," anatero motsitsa mawu. "Msewu unangomaliza."

Apa m'pamene pakamwa panga panandipweteketsa. M'malo mofotokoza, ndinafunsa kuti ndi mfiti yanji imene imalemba ndi bolopeni yochongera masamu. Amalume anandiyang'ana kamodzi. Ndinayambanso mwaulemu. Ndinafotokoza za tebulo, za phanga, za dayisi. Koma yesani kuuza mayi woferedwa kuti imfa ya mwana wake inalembedwa mosewera. Mawu aliwonse amene ndinkatulutsa ankangoipitsa zinthu. Nditanena kuti inenso ndafamo kasanu ndi kawiri, amalume anasuntha mpando wawo pang'ono.

Tili pomwepo tinamva njinga yamoto. Anali Zuze, mnzake wa Yotamu wa ku Vubwi, amene amagula soya kumalire. Ananyamuka usiku, nkhope yonse ili fumbi. Wina anali atamunong'oneza nkhaniyi pamsewu, ndipo anabwera molunjika kuseri kwa nkhokwe, chikwama chili kumsana, kuti adzatipulumutse.

"Ndi gemu chabe iyi, akuluakulu," anatero atagwada. "Imagulitsidwa m'sitolo ku Lusaka. Onani, buku lake ndi ili."

Anatulutsa buku latsopano. Pachikuto pake panali chilombo chofiira cha nyanga, moto ukutuluka m'kamwa, chitaponda zigaza za anthu. Akulu a mpingo anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Madzi anachita katondo. Ndikanakhala ndi sizasi yanga pafupi, sindikudziwa chimene chikanamuchitikira Zuze.

Buku limenelo ndi limene ine ndi Yotamu tinakanganirana zaka zisanu. Ndi masewera omwewo, koma eni ake anawakonzanso. Ndi lonenepa, mapepala ake osalala, zithunzi tsamba lililonse. M'buku lakale kupanga munthu kunkatenga mphindi zisanu, ndipo ankayamba ulendo ali wofooka, ndi ndodo, chingwe ndi kamba wa masiku awiri. M'latsopano kupanga munthu kumadya masana onse, ndipo amayamba ali kale ngwazi. Akagwa, amagubuduza dayisi katatu kuti adzuke. Zikakanika, mnzake amamuchiritsa. Ngakhale atafa, pali njira yomubwezera. Mapepala enieni safunikanso, zonse zimakhala m'foni.

Ine ndinkalikonda latsopanolo. Ndinali nditatopa kulera munthu miyezi isanu ndi umodzi kuti adzafe ndi njoka ya m'chitsime. Ndinkamuuza Yotamu kuti buku lake lakale ndi lankhanza ngati mwini wake. Iye ankangoseka.

"Asisi, lanulo ndi nsolo yosadyerana," ankatero. "Munthu wosafa saopa, ndipo wosaopa samvetsera."

Ankanena zoona, ngakhale sindinamuvomereze ali moyo. Ndi buku lakale tinkagogoda pansi ndi ndodo tisanaponde, tinkatchera khutu pachitseko, tinkanyengerera adani, ndipo nthawi zambiri tinkathawa. Tebulo lonse linkati zii dayisi ikamagubuduzika. Ndi latsopano aliyense ankangothamangira kutsogolo, wina akuyang'ana mauthenga pafoni podikira nthawi yake.

Uthenga unabwera kuchokera kumanda kuti adzukulu atsiriza. Dzuwa linali litakwera, mphepo yayamba kuulutsa makoko a chimanga pabwalo. Amalume anati nthawi yatha, ngati kwaya siimba tinyamula choncho. Ndinayang'ana buku lonyezimira lija, n'kuyang'ana pepala lachikasu m'manja mwa amayi aang'ono, ndipo m'pamene ndinakumbukira chinthu chimene lakale lili nacho koma latsopano lilibe.

"Amayi," ndinatero, "tembenuzani pepalalo."

Anatembenuza. Maso awo ndi ofooka, koma zilembo za mwana wawo anazidziwa asanawerenge liwu limodzi, zilembo zopendekera kumanzere zimene ankalandira m'makalata ochokera ku Lusaka. Anapereka pepalalo kwa akulu a mpingo kuti awerenge mokweza.

Akuluwo anawerenga pang'onopang'ono: "Ine Kamtedza, mlenje, ndafa chifukwa chosamvera asisi, amene anati tisalowe m'phangamo. Uta wanga ndikusiyira Zuze, ngakhale sadziwa kulasa. Mbuzi zanga ziwiri ndi bulangete zipite kwa amayi anga, amene panopa akuganiza kuti ndili ku kwaya."

Nkhuku inadutsa pakati pathu, n'kujompha pafupi ndi chitini.

"Loweruka lililonse," anatero amayi aang'ono. "Ndinkamuchapira malaya oyera Loweruka lililonse."

"Kwaya ndinkaphunzitsa ndine zaka zimenezo," anatero akulu a mpingo. "Ine ankandiuza kuti mwamutuma kudimba."

Amayi aang'ono anatulutsa kamawu kamene sindinadziwe ngati n'kuseka, kenako anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Zaka khumi anali asanamve mwana wawo akulankhula, ndipo apa anali atawanamizanso kachiwiri. Zuze ankalira poyera, fumbi likutsika m'masaya ngati matope.

Akulu a mpingo anatola chitini, n'kuwerenga kuseri kwa mapepala ena atatu kapena anayi. Lina linali langa, limene ndinasiyira Yotamu nsapato imodzi mwadala, chifukwa cha mkwiyo. Kenako analoza buku la Zuze n'kufunsa ngati m'menemonso anthu amalemba zoterezi. Zuze anati ayi, m'menemo munthu safa kwenikweni, amadzutsidwa.

"Limenelo ndiye mulibweze m'chikwama," anatero. "Kudzutsa akufa si ntchito ya dayisi."

Anaimirira, n'kupita kukhola kumene kunali amayi a kwaya. Sindinamve chimene anawauza. Ndinangoona majumbo akutsegulidwa, malaya oyera akukung'unthidwa pamphepo. Amayi aang'ono sanapepese, ndipo sindinayembekezere. Anapinda pepala la Misheki kanayi, n'kulimangirira pa mfundo ya chitenje chawo, osapempha chilolezo kwa wina aliyense.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu, koma osatentha. Adzukulu anasenza bokosi pamapewa, akulandirizana osaima. Kwaya inali patsogolo, ana a sukulu pambuyo pake, kenako ife achibale, kenako khamu limene mchira wake unali ukadali pabwalo ife titafika kale padambo. Tinadutsa m'minda ya thonje yokolola kale, timaulusi toyera titakodwa m'mapesi. Ng'ombe za wina zinaima n'kumatiyang'ana. Nyimbo inkamveka bwino, koma kumbali ya mabesi kunali dzenje, ndipo aliyense amene ankamudziwa Yotamu analimva. Pakati pa njira wina anandigwira mkono. Anali amayi aang'ono. Tinayenda choncho mpaka kumanda.

Kumanda mphepo inaleka, mitengo itaitchinga. Amalume analankhula mwachidule, n'kuthokoza anthu. Mphunzitsi wamkulu anati Yotamu ankaphunzitsa ana kuwerengera mwayi ndi timitengo tosema, ndipo ena mwa ife tinayang'anana. Bokosi linatsika ndi zingwe. Mlamu wanga anaponya dothi, ana ake, kenako ine.

Dothi langa litagunda thabwa, ndinalifuna buku latsopano ndi mtima wanga wonse. Ndinkafuna kugubuduza katatu. Ndinkafuna mnzathu wina atambasule dzanja anene kuti ndamuchiritsa. Ndikanapereka makina anga osokera ndi dzanja lamanja lomwe. Koma adzukulu anangotenga mafosholo, ndipo ntchito yawo anaigwira mwachangu, monga amachitira nthawi zonse.

Pobwerera anthu anasamba m'manja pamphambano, anadya, n'kuyamba kubalalika. Lole ya aphunzitsi inapita. Mabenchi a kutchalitchi anakwezedwa pangolo. Zuze anabwera kudzanditsanzika, ndipo anafunsa mwamanyazi ngati Loweruka lina tidzakhalenso patebulo. Ndinati sindikudziwa. Ndinamuuzanso kuti tsiku lina akadzafuna kuthandiza munthu, ayambe wafunsa.

Pali chinthu chimene sindinauze aliyense kuseri kwa nkhokwe kuja. Miyezi yomaliza Yotamu analibe mpweya wotsogolera nkhani, choncho ndinkatsogolera ndine, pakhonde, iye atagona pamphasa. Kwa nthawi yoyamba anali ndi munthu wakewake, nkhalamba yogulitsa mchere dzina lake Sakaika. Ndinamupempha kuti tisewere ndi buku latsopano. Anakana. Loweruka lina Sakaika akuwoloka mtsinje anagwidwa ndi ng'ona, ndipo lamulo linkafuna kuti ndigubuduze ine, kuseri kwa kope. Dayisi inagwa pa wani, kutanthauza kuti Sakaika wafa. Ndinayang'ana mlongo wanga, miyendo yotupa, khungu lotuwa, ndipo ndinanena kuti yagwa pa khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sakaika anawoloka. Tinasewera naye Maloweruka ena atatu.

Dzuwa likulowa nyumba inali zii. Mlamu wanga anagona ndi ana m'chipinda chimene munali bokosi, mphasa zikadali pansi. Pabwalo panatsala phulusa m'malo atatu ndi mapazi a anthu. Ndinakhala pakhonde, pamalo anga a Loweruka, chitini ndi makope zili pamiyendo. Amati mawu a akulu akoma akagonera. Za mawu a ang'ono palibe anandichenjeza.

Pepala la Sakaika linali m'kope lachitatu, pamene ndinalisiya. Kutsogolo kunalibe chofiira chilichonse. Ndinalitembenuza ndikuyembekeza kupeza poyera, koma panali zilembo zake, zazing'ono ndi zonjenjemera:

"Ine Sakaika, wogulitsa mchere, ndinafa pamtsinje Loweruka lija. Dayisi inagwa pa wani, ndinaiona pagalasi la windo. Asisi ananama, ndipo ndawakhululukira, poti masabata atatu owonjezerawo ndinawakonda. Makope ndi madayisi ndi awo. Azitsogolera ndi buku lakale, ndipo asadzaberenso."

Ndinawerenga kawiri kuwala kusanathe. Ndinamusowa kwambiri moti ndinamutukwana mokweza, ndekhandekha pakhondepo, ndikudikira kuti andiseke.

Bolopeni yofiira inali m'kathumba, pamodzi ndi madayisi. Ndinalemba kutsogolo kwa pepalalo liwu limene ndinamubisira, loti wamwalira, ndi tsiku la pamtsinje, monga lamulo linenera. Kenako ndinaliika pamwamba pa anzake. Chivundikiro cha chitinicho chinapindika kalekale, ndipo Yotamu ndiye ankadziwa pokanikiza. Ine chinanditengera manja awiri.